Njati ya Alamu Anga Inabwerera Yamoyo

Anthu akuti ndinanyozetsa amuna anga. Akuti a Tappi, munthu amene anakhala mkulu wa mpingo zaka makumi awiri, anapita kumanda popanda njati yamawanga, yoweta ija imene kwathu timaphera maliro a anthu olemekezeka, chifukwa cha liuma la mkazi wawo. Amazikamba kumsika, amazikamba pobzala mpunga, ndikangotulukira amayamba kukamba za mvula. Chabwino. Sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu, koma cholembera ndimachigwira. Ndilemba ndekha mmene zinayendera.

Abusa Albertin atatumizidwa kumpingo kwathu, woyamba kukana anali amuna anga omwewo. Anaimirira pamsonkhano wa akulu a mpingo n'kunena kuti iwo sangalandire mgonero m'manja mwa munthu wovala ndolo. Lamulungu loyamba, abusawo atangokwera paguwa, a Tappi anatola chipewa chawo n'kutuluka, nsapato zili gu, gu, gu. Chaka chathunthu ankakapemphera kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa maola awiri pansi, kumene kunali mbusa wandevu. Ine ndinatsala. Ndinawauza kuti miyendo yanga silowa nawo m'mkangano wawo.

Kenako anagwa m'munda wa mpunga. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panapindika. Mbusa wandevu uja anabwera kamodzi ndi paketi ya shuga, sitinamuonenso. Abusa Albertin anayamba kubwera Lachinayi lililonse pa njinga yamoto, kukwera phiri lathu lamatope lija. Kawiri konse anafika atagwa, siketi ili mbuu. Tsiku loyamba a Tappi anatembenukira kukhoma. Abusawo sanadandaule. Anakhala pamphasa n'kumacheza ndi ine za nkhumba yanga imene inkakana kudya. Lachinayi lotsatira chimodzimodzi. Mwezi wachitatu, abusa akunyamuka, amuna anga anang'ung'udza ndi pakamwa pawo popindikapo.

"Kodi mayiyu amangodziwa za nkhumba? Nyimbo alibe?"

Anaimba. Kuyambira pamenepo ankabwera ndi mgonero. Dzanja la a Tappi silikanatha kugwira chikho, ndiye abusa ankachigwira okha pamilomo pawo, vinyo akatayikira pachibwano n'kuwapukuta ndi mpango wawo. Manja omwewo, ndolo zomwezo. Zaka ziwiri.

Kutatsala sabata kuti mpweya uwathere, anandikoka nsalu masana ndikuwamwetsa phala.

"Amake Sanda, tsiku langa likadzafika, adzandiperekeze ndi mayiyu. Ndinamulakwira."

M'chipindamo munali ine ndi mphaka basi.

Mpweya utatha, namwino anabwera kudzawabaya mankhwala oti thupi lisaonongeke, tinawakulunga n'kuwagoneka m'chipinda chakumbuyo, mutu kumadzulo, monga timagonekera wodwala aliyense amene mwambo wake sunayambe. Paja kwathu munthu sitimati wamwalira mpaka titatembenuzira mutu wake kummwera poyamba mwambo wa maliro; timati akudwala chabe. Miyezi khumi ndi umodzi anakhala akudwala m'menemo pamene achibale ankakonzekera. M'mawa uliwonse ndinkawapititsira khofi ndi ndudu imodzi. Abusa Albertin sanasiye Lachinayi lawo. Ankakwera makwerero, n'kuima pakhomo: "Bambo a Sanda, ndabwera. Mvula yatipeza panjira."

Kutatsala masiku anayi kuti mwambo uyambe, zisakasa za nsungwi zokhalamo alendo zitazungulira bwalo lonse, atazipaka kale utoto wofiira, kunafika alamu anga a Rombe, mng'ono wawo wa a Tappi. Amagwira ntchito kumigodi ku Papua, kutsidya kwa nyanja, ndipo panali patapita zaka zisanu ndi zinayi osaponda pabwalo pathu. Anafika ndi lole. Mmenemo munatsika njati yamawanga oyera ndi akuda, maso otuwa, nyanga zotambasuka ngati mikono ya munthu. Sindinama, inali yokongola. Mudzi wonse unathamangira kudzaiona. Kutsogolo kwa lole kunatsikanso mlaliki wa mpingo wawo watsopano, wataye yofiira, atakumbatira chikwama.

Ndinati, "Alamu, takulandirani. Kwerani mukawaone achimwene anu, khofi akuwira."

"Ife opulumutsidwa sitiyankhula ndi mitembo, alamu."

"Mtembo uli kuti pano? Ine ndili ndi wodwala."

Anaseka, n'kupita kukaonetsa anthu mano a njati.

Mawa lake achibale anakhala pansi pa nkhokwe yanga ya mpunga kuti agawane ntchito. Atafika pa za mapemphero, mwana wanga woyamba, Sanda, amene amaphunzitsa sukulu kutauni ya Rantepao, anawerenga papepala kuti atsogolera ndi Abusa Albertin. A Rombe anaika kapu pansi.

"Albertin? Limeneli si dzina lachikazi?"

"Ndi amayi, bambo aang'ono."

"Mwati mkazi aimirire pamaso pa mabwana anga ochokera ku Papua, aziphunzitsa amuna? Mkazi akhale kutsogolo kwa nkhokwe ino, madoda ali kumbuyo kwake? Malemba amaletsa zimenezo. Mlaliki ndabwera naye, si uyu? Achimwene anga ndimawadziwa, anatuluka m'tchalitchi chifukwa cha mkazi yemweyu."

Ine ndinali pambali ndikupeta mpunga. Ndinaika lichero pansi.

"Anatuluka, inde. Nanga zoti anabwerera munamva? Anandiuza okha kuti adzawaperekeze ndi mayi ameneyu."

"Anamva ndani?"

"Ine."

"Ndi ndani wina?"

"Mphaka."

Ena anaseka. A Rombe sanaseke. Anati munthu wopindika pakamwa aliyense angathe kumuikira mawu. Kenako anayang'ana kumene anamangirira njati ija n'kunena mofatsa kuti ngati mkazi akwere paguwa pabwalo lino, njati ikwera lole.

Pamenepo mukanawaona achibale! Anthu amene adya mgonero wa Abusa Albertin zaka zinayi, amene ana awo anabatizidwa ndi manja omwewo, onse maso pansi ngati ataya singano. Wina akuti komadi mlendo tizimulemekeza. Wina akuti abusa athu ndi omvetsa, akhoza kungopempherera chakudya. Kupempherera chakudya! Sanda anandilondola kukhitchini.

"Amayi, chibale ndi fupa. Ndi tsiku limodzi lokha. Njati ngati imeneyi sinaphedwepo pabwalo lathu chiyambire. Mukufuna ababa apite ngati munthu wamba?"

"Iwe, pamene abambo ako ankadziipitsira pamphasa, njatiyo inali kuti?"

"Amayi, musakweze mawu."

"Ndikweza. Nyumba ino anamanga ndi agogo anga aakazi. Abambo ako anachita kubwera muno ndi kabokosi kamodzi."

Ndinatuluka n'kukakhala pamakwerero a nyumba, pakati penipeni, kuti aliyense andione. Sindinakuwe. Ndinawauza kuti a Tappi akudwala chabe. Mutu wawo uli kumadzulo, ndipo palibe amene autembenuzire kummwera popanda ine, palibe amene awatsitse makwerero ano. Adwala miyezi khumi ndi umodzi, akhoza kudwala zaka zina zisanu. Khofi ndili naye, ndudu ndili nazo. Ine sindikuthamangira kulikonse.

Aliyense ankadziwa kuti nkhumba zafika kale, zisakasa zaima, alendo ali m'mabasi. Nsungwi sizidikira zaka zisanu. Tchuthi cha a Rombe chinali cha masabata awiri.

Limenelo linali Lachitatu. Lachinayi m'mawa ndinamva njinga yamoto. Nkhani inali itawapeza kale Abusa Albertin. Anakhala nane pamakwerero, chipewa cha njinga chili pamiyendo.

"Amake Sanda, ndaganiza. Ndikhoza kupempha abusa a kutsidya kuti abwere m'malo mwanga. Ndi ampingo wathu womwewu, ndiponso ndi bambo. A Rombe sangakane. Sindikufuna kuti banja ligawanike chifukwa cha ine, kapena kuti bambo a Sanda akhalitse m'nyumba."

Ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyira alamu anga.

"Abusa, anakuitanani ku ntchito imeneyi ndi Mulungu kapena a Rombe?"

"Si choncho, mayi."

"Ndi choncho. Matope munawapirira, khoma limene ankakuonetsani munalipirira, lero mwaopa taye yofiira? Mukachoka pano, mawa kumaliro ena adzati paja kwa a Tappi anachoka. Mudzakhala wopempherera chakudya mpaka imvi."

Anatembenuzatembenuza chipewa chija.

"Chabwino," ndinatero. "Anakupemphani si ine. Kwerani mukawauze eni ake."

Tinakwera. Anaima pakhomo monga mwa masiku onse. "Bambo a Sanda, ndabwera." Anayang'ana kapu ya khofi imene ndinaika m'mawa, anayang'ana chipewa cha a Tappi chili pamsomali, chomwe chija anatuluka nacho m'tchalitchi. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuseka pang'ono.

"Bambo a Sanda, akazi anuwa ndi ovuta."

"Amadziwa," ndinatero.

"Loweruka ndibwera nditavala mkanjo. Nyimbo yanu ija ndaisunga."

Atatsika, anapita okha kumene a Rombe ankayang'anira anthu osambitsa njati. Ine ndinali m'mbuyo mwawo. Anawapatsa moni mwaulemu, n'kuwauza kuti mpingo unawaika kukhala mbusa wa nyumba ino, kuti mwini wake anawapempha, ndipo Loweruka atsogolera mapemphero. Anawonjezera kuti mlaliki wawo ndi wolandiridwa, malo amusungira pansi pa nkhokwe pamene pamakhala olemekezeka, ndipo ngati akufuna kupereka mawu achitonthozo kwa abale, nthawi ipezeka.

"Iye ayankhule pambuyo pa inu?"

"Kapena patsogolo panga. Asankhe yekha."

"Alamu," a Rombe anatembenukira kwa ine, "mukutaya njati chifukwa cha siketi?"

"Makwerero ndi awo. Kwerani mukawauze achimwene anu kuti mwawabweretsera njati koma mwawalanda abusa awo. Akavomera, ine ndichoka pamenepo."

Anayang'ana zenera la chipinda chakumbuyo nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti akwera. Sanakwere. Masana omwewo lole inabwera, njati yamawanga inakwera, mlaliki anakwera kutsogolo ndi chikwama chake. Ana a m'mudzi anaithamangira mpaka pamlatho. Azakhali ena anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati kwagwa maliro ena.

Lachisanu tinatembenuza mutu wa a Tappi kuloza kummwera. Apo m'pamene ndinalira, chifukwa apo m'pamene anamwalira.

Tinapha njati zinayi zakuda, wamba, ina yothyoka nyanga. Zisakasa ziwiri zimene anamangira mabwana a ku Papua zinakhala zopanda munthu, nkhuku zikuyendamo. Ndinaziona, aliyense anaziona. Abusa Albertin anaimirira pakati pa bwalo atavala mkanjo wakuda, ndolo zili m'makutu. Sanakambe za akazi kapena za amuna. Anakamba za munthu wina amene anatuluka m'tchalitchi atakwiya, nsapato zikulira, amene pambuyo pake anafunsa ngati mayiyu ali ndi nyimbo. Bwalo lonse linaseka, madoda omwe. Kenako anayambitsa nyimboyo, ndipo sindinamvepo anthu a m'mudzi mwathu akuimba choncho asanamwe uchema.

Pogawa nyama, wogawa anakwera pansanja n'kuyamba kuitana maina. Atafika pa gawo la mbusa anakuwa dzina la Abusa Albertin, n'kuponya ntchafu yathunthu. Palibe amene anatsokomola.

Tsiku lonyamula bokosi kupita kuthanthwe kumene timaboola manda athu, anyamata akukankhana ndi kuthirana matope monga amachitira, ndinaona munthu wa malaya oyera atalowetsa phewa pansi pa nsungwi yakumbuyo. Anali a Rombe. Anabwera okha, wapansi, opanda njati, opanda mlaliki. Pakhomo pa manda, abusa atakweza manja kudalitsa, iwo anatembenuka n'kuyang'ana kuphiri. Koma sanachoke. Chitseko cha manda chitatsekedwa anandipeza.

"Alamu, maganizo anga sanasinthe."

"Sindinakufunseni. Malaya anu ada, kasambeni. Nkhumba yophikira m'nsungwi yatsala."

Anadya mbale ziwiri.

Njati ija ndikumva kuti anakaigulitsa kumsika, ndipo inakaphedwa pamaliro a munthu amene a Rombe sankamudziwa n'komwe. Pamzati wa nyumba yanga pakhomedwa nyanga za njati zinayi zakuda, ina yothyoka. Odutsa amaziwerenga n'kugwedeza mutu. Aziwerenga. A Tappi anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo sichinali cha nyanga.

Abusa Albertin amabwerabe Lachinayi. Nkhumba yanga yayambanso kukana kudya.