Mutu wa Tirauti

Apongozi a Edmond atafika ku Lawrence, kutsidya kwa nyanja, kudzaona mdzukulu, anapeza firiji yodzaza nsomba za m'mapaketi. Analawa kamodzi n'kukankha mbale.

"Iwe Pamela, amuna akowa ndiwo amawedza mufiriji?"

Edmond anamva ali kuchipinda, ndipo zinamuwawa zedi. Iye, mwana wa ku Nkhotakota, wokula akuvuula mpasa mu Bua! Masiku anapita mayiwo akungotola timasamba, nkhani ya tikiti yobwerera kumudzi n'kuyamba kumveka.

Lachisanu lina mu Januwale Edmond anadiraiva mpaka ku South Bend, kukagona kwa Lucious, mnzake wa ku Ntcheu wogwira ntchito kuchipatala, yemwe anazolowera kuwedza tirauti mumtsinje wa St. Joseph. Mbandakucha Edmond anali atavala kale majombo.

"Achimwene, kuno si ku Bua," anatero Lucious ali m'bulangete. "Nsomba nayonso imamva chisanu, imadikira dzuwa."

Aaa, msodzi weniweni n'kuphunzitsidwa ndi munthu wa ku Ntcheu? Edmond anapita yekha. Anaponya pamadzi othamanga, n'kumakoka nyambo mwaliwiro monga ankachitira kwawo. Zala zinauma gwa, chingwe chikuchita kumata madzi oundana. Nsomba ziii.

Lucious anatulukira masana, khofi ali m'manja. "Nyambo mukuithamangitsa ngati minibasi ya ku Limbe! Nthawi ino tirauti ndi yaulesi, imagona pakuya, pomwe madzi akuyenda pang'onopang'ono. Ikani timazira ta nsombati, muleke madzi okha aifikitsire pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Edmond anameza malovu n'kumvera. Anaponya, nadikira. Anaponyanso. Kenaka kachoyandama ka pachingwe kanangomira pang'ono, ngati kakodwa paudzu. Anakoka, ndodo n'kupindika. Mayo ine! Nsombayo inalumpha, inathawira kumunsi, iye akuitsatira m'madzi ofika m'mawondo, chisanu ataiwala. Itatopa, Lucious anaiwola ndi kaukonde. Inali yotalika ngati mkono wonse.

Mzungu wina amene ankawedza pafupi anayamikira, n'kunena kuti aijambule kenaka aibwezere m'madzi, monga amachitira ambiri kumeneko. Laisensi Edmond anali nayo, nsombayo inali yololedwa kutenga. Anamwetulira mwaulemu.

"Pepani bwana, apongozi anga sadya chithunzi."

Ku Lawrence mayi aja anaitembenuza nsombayo, kuisuzumira m'makha, kuinunkhiza. Anamuchotsa Pamela pachitofu, n'kuiphika okha ndi tomato ndi anyezi. Edmond anakakhala pabalaza, poti mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi, khutu lili kukhitchini. Anamva mbale ikupalidwa, kenaka mawu okweza dala kuti amufike.

"Za tikiti zija tayamba waimitsa. Ndipo mutuwu usaukhudze, kapereke kwa bambo a nyumba ino."

Pamela anabwera nawo m'mbale yovundikira, n'kugwada akuseka. Edmond anaudya wonse, mpaka maso omwe.