Tinaperewera Anthu Anayi

Ndinkayanika zovala pamene mng'ono wanga Darlene anafika ndi buledi wa nthochi, monga amachitira Lachisanu lililonse.

"Zotsatira za kalembera zatuluka, achemwali. Boma lathu laperewera anthu anayi kuti likwane 10,000."

Lamulo ndinkalidziwa. Tikapanda kukwana, ntchito yanga ya msungichuma imapatsidwa kwa mlembi wa boma, malipiro anga n'kuthera pomwepo. Ndinayenda khomo ndi khomo kuchonderera anthu kuti alembetse, ndipo Darlene ndiye anayamba kulonjeza.

"Ambuye akudziwa," ndinatero.

Anayang'ana pansi. "Ife asanu a m'banja mwathu tinalembetsa kumzinda wa Omaha, kunja kwa boma lino, kumene tinkadwazika apongozi. Amuna anga anati kulembetsa kulikonse n'chimodzimodzi."

Ndinapitiriza kuyanika.

"Achemwali, ndikhululukireni!" anatero mokweza, buledi uja akadali m'manja.