Galimoto ya M'buku Siyima Panjira

Ndaphunzitsa masamu zaka makumi awiri, ndipo funso la galimoto yochoka uku kupita uko ndimaliyankha choko chisanakhudze bolodi. Ndiye mwana wanga woyamba ataitanidwa ku mayeso olowera sukulu ya unamwino, ndinalamula kuti tinyamuke 6 koloko. Makilomita 120, tikamayenda 60 pa ola, ndi maola awiri basi. Geti amatseka hafu pasiti 8. Tifunanso chiyani?

Bambo ake, amene ayendetsa malole mpaka kumera imvi, anang'ung'udza kuti bwanji 5 koloko. Ndinawafunsa kuti kodi amadziwa kugawa m'nyumba muno ndani. Anangotuluka n'kukapukuta galasi la kagalimoto kathu. Pakamwa pangapa, abale!

Kwa mwanayo uwu unali mwayi womaliza. Kawiri konse dzina lake silinatuluke, ndipo chaka chamawa akhala atapyola zaka zimene amalola.

Titayenda makilomita 80 tinapeza akukonza mlatho, munthu wa kambendera kofiira ataimitsa magalimoto onse. Ana anga a m'kalasi sindinawauzepo za kambendera. Galimoto ya m'buku imangoyenda.

Mutu wanga unakana kupuma. Makilomita 40 atsala. Itakwana teni tu 8 ndinati palibe vuto, 60 pa ola ikwana. Pa 8 koloko zinafunika 80, ndipo kagalimoto kathu liwiro lake limathera pa 80 pomwepo, kakunjenjemera ngati kadwala malungo. Bambo ake anatsika kukachonderera wa mbendera uja, ine ndinatsala pang'ono kugwada pa tala. Wa mbenderayo anangotilozera chimakina chili chopingasa pa mlatho. Akanatani iyenso?

Anatitsegulira teni pasiti 8. Makilomita 40 m'mphindi 20, ndiye kuti 120 pa ola. Ndinalakalaka ndikanakhala mbuli, bwenzi ndili ndi chiyembekezo.

Ndinatembenuka. Mwanayo anali kumbuyo, kathumba ka mapensulo atatu osongoledwa kali pamiyendo. Ndinamunamiza kuti tifika.

"Amayi, musavutike," anatero. "Tichedwa ndi mphindi khumi. Ndawerengera kale. Si munandiphunzitsa ndinu?"

Bambo ake anaponda mafuta mpaka phazi kufika pansi. Sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Bola akanandikalipira, mtima ukanapepukako.

Tinapeza geti lili ndi loko. Mlonda anati mapepala agawidwa kale, ndipo makiyi apita nawo mkati akuluakulu. Ndinamuuza za mlatho, za zaka za mwanayo, ngakhale zoti ndine mphunzitsi, ngati kuti zimenezo zitsegula geti. Anandimvera chisoni ndithu, koma makiyi analibe. Nditayang'ana wotchi, tinali titachedwa ndi mphindi khumi ndendende. Chibadwire sindinadanepo ndi yankho lolondola ngati tsiku limenelo.

Pobwerera tinaimanso pa mlatho uja. Mwana wanga anandigwira paphewa n'kundipatsa kathumba kaja.

"Mukapatse ana a m'kalasi mwanu," anatero. "Mapensulowa sanalembepo."