Timibulu ta Pansi pa Mtengo wa Bambo

Malume anabwera ndi nkhwangwa Lachinayi m'mawa, n'kuitsamiritsa pa mtengo wa mango umene bambo ankasokerapo nsapato.

"Loweruka ukugwa uwu," anatero. "Mbalame zija zatenga alamu anga. Tidikire zitengenso wina?"

Bambo anali atamwalira mwezi wapitawo, ine n'kusiya koleji kudzakhala ndi amayi. Benchi yawo inali pomwepo, phula lopakira ulusi likadali pamwamba pake. M'mphako ya mtengowo munkakhala akadzidzi awiri, ndipo sabata imene bambo anagwa analira kwambiri. Koma chimene chinkawadya amayi mumtima ndi timibulu takuda ta ubweya timene ankatipeza posesa. Ukatiswa, mkati muli timafupa. Ankatitola ndi pepala n'kutisunga m'chitini.

"Alipo amene akutiponyera izi," ankatero motsitsa mawu.

Ine sindinkakhulupirira, koma sindinkadziwa kumene timibuluto tinkachokera.

"Iwe Wakoleji, mabuku ako akuti chiyani?" anandifunsa malume. "Kapena unathawa musanafike tsamba limenelo?"

Mtengowo ndi malo okhawo amene ndinkawaonabe bambo.

Sabata yomweyo ku holo ya tauni kunali chikondwerero cha mafilimu a nyama zakutchire, ndipo ndinapezako ganyu yoyala mipando. Anthu ankaombera m'manja njovu ndi mikango, ine ndili kumbuyo ndi tsache, kudabwa kuti anthu amalirira nyama chonchi pamene bambo anga anapita dziko osagwedezeka.

Lachisanu m'mawa anaonetsa filimu ya akadzidzi. Ndinafuna kutuluka. Kenaka pachinsalu kadzidzi anatsegula kukamwa n'kulavula kambulu kakuda. Munthu wina anakatola, n'kukaswa patebulo. Ubweya. Timafupa. Tsache linandigwa m'manja.

Filimuyo inkabwerezedwa masana. Ndinathamangira kunyumba.

"Amayi, valani nsapato. Tengani chitini chija."

"Ine wamasiye ndizikaonera kanema? Anthu ati chiyani?"

"Anena zimene anena. Tiyeni."

Anakhala mpando wa kumapeto, chitini pamiyendo. Akadzidzi ataonekera anaphimba kumaso ndi mpango. Koma kambulu kaja katagwa, ndinawamva akuti, "Iii! Kali ngati tanga tija!"

Filimu itatha, mayi wina wogwira ntchito yoteteza nyama zakutchire ankayankha mafunso kutsogolo. Anthu atachepa, amayi anapita n'kutsegula chitini.

"Mwatitola kuti, amayi?" anafunsa mayiyo.

"Pakhomo panga. Amuna anga amwalira."

Mayiyo sanaseke. Anawapepesa kaye, n'kuvala magolovesi. Anaswa kambulu kamodzi ndi kamtengo, n'kutulutsa kachigaza kokhala ndi mano awiri achikasu.

"Mukumudziwa mwini mano awa?"

Amayi anayang'anitsitsa. "Ameneyu ndi khoswe. Ndi amene ankatha zikopa za bambo ake uyu."

"Eya. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu. Ubweya ndi mafupa sizigayika, ndiye amazilavula pansi pa malo amene amagona. Palibe munthu wakuponyerani. Ndi zotsala za chakudya basi."

"Nanga kulira kuja?"

"Amaitanana, makamaka nyengo yoswa. Akanalira ngakhale pakhomo panu pakanakhala ukwati. Kodi kuchipatala anati chinawatenga bambowo n'chiyani?"

"Kuthamanga kwa magazi," ndinayankha ine.

"Ndiye chimenecho ndicho choopa. Inunso amayi mukayezetse. Mbalamezo zisiyeni. Timibuluti musamatigwire ndi manja, muzingotikwirira. Poizoni wa makoswe musamwaze pabwalo, chifukwa amapha akadzidzi, amphaka, ngakhale ana. Zikakusowetsani mtendere, bwerani ku ofesi kwathu, tidzaona chochita popanda kupha kapena kudula mtengo."

Loweruka malume anafika atapinda kale malaya. Anapeza amayi atakhala pa benchi ya bambo, kachigaza kaja kali papepala.

"Achimwene, bwerani mudzaone mfiti yanu."

Malume anawerama. "Khoswe uyu."

"Ndiye mudule mtengo wa amuna anga chifukwa cha khoswe wakufa?"

Anakanda kumutu, n'kuyang'ana kumphako, kenaka kwa ine. "Wakoleji, tsamba lija walipeza eti?"

"Ndalipeza ndikusesa, malume."

Anaseka mpaka kutsokomola. Poti nkhwangwa anali atanola kale, amayi anawapatsa chitsa cha kuseri kwa bafa kuti awaze nkhuni. Lolemba ndinawaperekeza onse awiri kuchipatala. Amayi anawapeza ali bwino. Malume ndi amene anabwerako ndi mapilitsi, ndipo akumwa.

Mtengo ulipo. Ndayamba kusoka nsapato pa benchi ija, ngakhale misoko yanga bambo akanaiseka. Chisoni sichinathe, koma mantha anachoka pakhomo pathu.

Kadzidzi sabweretsa maliro, amatichotsera makoswe. Mukaona chinthu chachilendo cha nyama kapena mbalame, musathamangire nkhwangwa kapena poizoni. Funsani a zanyama zakutchire. Ndipo matenda amene anatenga m'bale wanu, kayezetseni kuchipatala nthawi ikadalipo.