Duku la Anambewe

Lumo la Valentino linali pakati pa mutu wa Gerald pamene ng'oma inagunda kumsitu wa kumanda. Inagunda kamodzi, n'kukhala chete ngati ikumvetsera, kenaka inayambiranso. Juliet, amene anagwirizira beseni la madzi, anaona khosi la mlongo wakeyo likuuma.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa Gerald.

"Musagwedezeke, a ku tauni, ndingadule khutu n'kukalikwirira pambali pa atate anu," anatero Valentino, mkulu wa adzukulu amene anakumba manda a malemu Josephat, atate a Gerald ndi Juliet. Pamaliro mdzukulu saletsedwa pakamwa. "Ndi alendo. Abwera dzuwa likapendeka kudzalira mnzawo."

"Mnzawo ndani?"

"Ine ntchito yanga n'kumeta."

Gerald anadzambatuka, mutu uli mbali imodzi mbee, inayo tsitsi. Adzukulu anagwa nako kuseka.

"Gule saponda pabwalo lino!" anakuwa Gerald. "Atate anali munthu wa mpingo. Ndani amene anali kumenya chitsulo choitanira anthu Lasabata lililonse? Si iwo?"

Pakhonde panali amayi awo, Febby, amene mudzi wonse unkawatchula Anambewe. Anali atametedwa kale, maso ali pansi. Pambali pawo panakhala a Kettie, mtsogoleri wa amayi a chigwirizano.

"Anambewe, lamulo mulidziwa," anatero a Kettie mofatsa. "Zilombo zikavina pakhomo panu inu mutalola, bulauzi yoyera ija muivula. Sindinena mwankhanza, mnzanga."

"Salowa mokakamiza," anatero Valentino akupukuta lumo pa buluku. Nthabwala inali itamuchoka. "Adzaima pa mtengo wa mango uwo. Mwini maliro akapanda kuliza nthungululu, abwerera. Koma akabwerera, mnzawoyo wapita wosaperekezedwa, ngati nkhuku yofa ndi chitopa."

Anambewe ananyamuka n'kulowera kuseri kwa nkhokwe.

Juliet anaika beseni pansi n'kuwatsatira. Atate ake anali munthu wofatsa, wamanyazi, woti ngakhale paukwati sankagwedeza phewa. Komabe panali zinthu zimene mtsikanayu ankaziona kuyambira ali mwana. Chaka chilichonse mwambo wa Kulamba ukayandikira, atate ankamanga thumba la nsawa panjinga, amvekere akukagulitsa ku Mkaika. Ankabwerako mawu atasasa, thumba lili lodzaza monga linapitira. Amayi sankafunsa za malonda. Ankangofunditsa madzi n'kuwathowa m'miyendo, mmene munali zipsera zozungulira ngati za zingwe. Atate ankati zinali za goli la ng'ombe, ngati kuti goli limavalidwa m'miyendo.

Anawapeza amayi ake atatsamira nkhokwe.

"Amama, kodi atate anali…"

"Tseka pakamwa," anamudula. "Zilombo zimavuuka kudziwe. Mulibe munthu mmenemo. Sunaphunzitsidwe?"

"Ndinaphunzitsidwa."

"Ine sindidziwa kanthu. Zaka zonsezi sindinadziwepo kanthu." Kenaka pakamwa pawo panaoneka kumwetulira kumene Juliet anali asanakuone chiyambire matenda a atate. "Koma ndikuuze za duku langa. Ndili mtsikana kwathu ku Vubwi, kunabwera gule. Kunatuluka Makanja, chilombo chachitali chija, mutu wake kupitirira tsindwi la nyumba. Ndinali ndisanaonepo kuvina kotero, mwanawe. Chinkapendama ngati chigwa, anthu n'kukuwa, icho n'kudzuka ngati bango mphepo ikaleka. Chinatithamangitsa atsikana. Ine pothawa duku langa lofiira linagwa, ndipo sindinacheuke."

"Ndiye?"

"Sabata isanathe, kunabwera mnyamata wa ku Sinda kudzapempha madzi akumwa. Wamanyazi, kulephera n'kundiyang'ana komwe. Atamwa, anapisa m'thumba n'kutulutsa duku lija, lochapachapa, lopindidwa bwino. Ndinati, 'Mwalipeza kuti?' Iye amvekere, 'Ndangotola panjira.'"

Juliet anagwira pakamwa.

"Sindinamufunsenso mpaka dzana pamene tamuika. Ndipo duku lenilenilo sanandipatse. Anangondionetsa n'kubweza m'thumba, akuti ndikalifuna ndikalitengere kwawo." Anaseka, misozi ikutsika. "Ndinamutsatira mpaka kuno. Duku sindinalionenso."

"Nanga bulauzi, amama?"

Anambewe anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Dzuwa litapendeka, fumbi linayamba kutuluka m'njira ya kumanda. Ana anathawira m'nyumba, agalu anauwa n'kubisala. Ng'oma zinafika pa mtengo wa mango n'kuima pomwepo, ndipo pamwamba pa mitu ya oimba panaoneka Makanja, nthenga zake zikukhudza masamba. Sanavine. Anangoima, nkhope yake yakuda italoza khomo la nyumba.

Gerald anaima pakati pa bwalo, manja atapinda pachifuwa. A Kettie anagwira Baibulo lawo mwamphamvu. Bwalo lonse linali zii, moti Juliet ankamva nkhunda zikulira kudambo. Mphindi zinkapita. Woimba ng'oma wina anayamba kuikoleka paphewa kuti azibwerera.

Chitseko chinalira. Anambewe anatuluka atanyamula bulauzi yoyera, yosita, yopindidwa. Anagwada pamaso pa a Kettie n'kuiika pamiyendo pawo ndi manja awiri.

"Mundisungire, mnzanga. Mulungu njira ya pakhomo pano aidziwa."

"Amama!" anatero Gerald.

"Choka panjira, mwana wanga. Atate ako anamenya chitsulo cha mpingo osajomba, ndipo mpingo wawaimbira dzana. Lero ndi la enawa."

Anaimirira, mutu wometa uli poyera, n'kuika dzanja pakamwa. Nthungululu imene inatuluka sinali ya nkhalamba yofedwa. Inali ya mtsikana wa ku Vubwi, yakuthwa, yaitali, yofika mpaka kuphiri.

Ng'oma zinaphulika. Amayi a m'mudzi anathamangira pabwalo akuwomba m'manja, ndipo Juliet anangozindikira kuti nayenso ali pakati pawo akuimba. A Kettie ananyamuka ndi anzawo awiri n'kumapita, bulauzi ili m'khwapa. Atafika pa nkhokwe anacheuka kamodzi, kenaka anapitirira.

Makanja anazungulira nyumba, akugunda tsindwi ndi dzanja ngati munthu wodzutsa mnzake wogona. Anapendama, anthu anakuwa, iye n'kudzuka.

"Wayesa," ananong'ona Anambewe m'khutu la Juliet, chibwano chili m'mwamba. "Koma amene ndinamuona ine ankafika pansi kuposa apa."

Valentino anagunda Gerald ndi chigongono. "A ku tauni, mapewawo akugwedezeka okha. Magazi sanama."

Gerald sanamukalipire. Maso ake anali pa chilombocho, manja atawamasula pachifuwa, ndipo pang'onopang'ono anayamba kuwomba, mosadziwa bwino kayendedwe ka nyimbo, koma osaleka.

Kenaka ng'oma zinatsika mawu. Makanja anayenda mpaka pamene panaima Anambewe. Anawerama kuchokera kumwamba kuja, pang'onopang'ono, mpaka nthenga zake zinatsala pang'ono kusesa fumbi, ndipo anaika kanthu pamapazi pawo. Anadzuka n'kutembenuka, ulendo wa kumsitu, ng'oma zikumutsatira.

Kanali kansalu kakale. Kufiira kwake kunali kutafwifwa mpaka kufanana ndi dothi la kumunda, m'mbali mutayamba kusosoka, koma kanali kochapachapa ndi kopindidwa bwino.

Anambewe anakatola n'kukakutumula kamodzi. Anakamanga pamutu wometa uja, mfundo kumbali, monga amamangira atsikana.

Gerald anayandikira. "Amama, duku limeneli lachokera kuti?"

Anambewe anakonza mfundoyo, maso ali kunjira kumene fumbi linali kutera.

"Angotola panjira," anatero.