Makina a kuseri kwa khoma

Atelala a chipinda choyandikana ndi changa anali ndi ngongole yanga, ndipo sinali ya ndalama. Ikanakhala ya ndalama ndikanangowalanda sizasi, nkhani n'kutha.

Mwana wanga, amene ndimamutcha Kabwana, sagona ngati ana a anthu. Kumubereka amapalapata. Kumuyimbira amanditseka pakamwa ndi dzanja. Bambo ake anapita kukasaka ntchito mwanayu asanamere mano, foni yawo n'kusiya kugwira. Ndiye kulira konse n'kwanga ndekha, chonsecho m'bandakucha ndiyenera kukaoda tomato.

Tsiku lina madzulo atelala anachedwa kuweruka, akusoka mayunifomu. Phokoso la makina linkadutsa khoma, ine n'kumatukwana chamumtima. Kuyang'ana Kabwana, mutu wapendekeka, dovu lili chuu. Kutacha ndinawapitira.

"Madala, muzisoka madzulo aliwonse mpaka mwana agone."

"Mayi a Kabwana, miyendo yangayi ndi ya boma?"

"Ndizikusitirani zovala za makasitomala. Makala anu."

"Ayi, makala anu."

"Anu, madala. Simbi yanga, msana wanga, mukufunanso chiyani?"

Tinagwirizana. Mwana akagona ndinkagogoda khoma ndi chipande, iwo n'kusiya kupalasa. Moni wathu wa madzulo anali yemweyo. Nyengo yotsegulira sukulu ndinasita mulu wa mayunifomu mpaka mkono kutupa, iwo n'kulonjeza kuti abweza ndi madzulo a chaka chonse.

Chaka chisanafike n'pakati pomwe, kunabwera mwana wawo wamkazi, wa nsapato za gogoda, kudzawatenga. Akuti maso afooka, akusoka matumba chozondoka. Ndinamupeza akumanga katundu.

"Achemwali, makinawa atsale. Bambo anu ali ndi ngongole yanga."

"Ngongole ya zingati?"

"Ya tulo."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Makina tagulitsa kale, mwini wake abwera mawa. Mwana wanu muzimusambitsa madzi ofunda, muzimugoneka nthawi imodzimodzi."

"Muli ndi ana angati inu?"

Anapitiriza kumanga katundu. Atelala anangokhala pa mpando, akupukuta magalasi ndi kansanza. Ndinawauza pamaso kuti munthu wamkulu sathawa ngongole, n'kumenyetsa chitseko.

Madzulo amenewo Kabwana anayamba zake. Anaponya kapu, anakana bulangete, kenaka anapita pakhoma n'kumalimenya ndi kadzanja. "Gogo! Gogo!" Ine ndinangokhala pa matiresi, nyali ndazimitsa, ndikuganiza kuti mawa ndiye ndiziguguda chiyani, mbale?

Kenaka makina anayamba. Ndinamva kuti kulira kwa makinawo kwapepuka, mulibe ulusi, mulibe nsalu, zonse zinali m'makatoni. Munthu wamkulu uja ankangopalasa mumdima.

Kabwana anabwerera, n'kutsamira pantchafu panga, chala m'kamwa. Sipanatenge nthawi, kupuma kwake kunasintha. Ndinamugoneka, ndinamufunditsa, n'kutenga chipande.

Sindinagogode.

Ndinakhala nditatsamira khoma, likunjenjemera pamsana panga. M'nyumba muno mulibe munthu wina wamkulu amene amatulutsa phokoso, ngakhale kutsokomola. Ndinamva mwana wawo akuti, "Ababa, kagoneni, mwana uja watonthola kalekale." Iwo anati, "Sanagogode." N'kupitiriza.

Ndinadzidzimuka kunja kutayera, chipande chili m'manja, tomato wabwino ena ataoda kale. Panja panali galimoto, anyamata a wogula akutulutsa makina. Atelala anali atakhala kutsogolo, mapazi atatupa, nsapato zili m'manja.

"Mayi a Kabwana, yatsala ingati?"

Ndinayang'ana mapazi aja.

"Yatha, madala. Pitani."

Ndinalowa m'nyumba galimoto isananyamuke. Kabwana anali akadali mtulo, kadzanja kali pakhoma.