Palibe Wopitirira Karinya ya a Januário

Cosme analumbira kuti sadzaponda pamanda a mkulu wake Elias chimanjamanja. Elias anamwalira ndi malungo m'dzinja, Cosme ali kusukulu ku Tete. Shapa, minibasi yomwe Cosme anakwera, inatitimira m'matope, ndipo pofika ku Furancungo anapeza anthu atabwerako kale kumanda, amayi akutsuka mbale. Kusukulu sanabwererenso. Anatenga mota, njinga yamoto ya malemuyo, n'kuyamba kunyamula anthu, koma njira yodutsa kumanda ankailambalala ngakhale wokwera adandaule chotani.

Chomwe ankafuna kukatula pamtumbirapo chinali chikho cha korida, mpikisano wa mota womwe a Francisco, eni baraka, kagolosale ka pamsika, ankachititsa fodya akatha kugulitsidwa. Elias anachisaka chikhocho mpaka kufa, koma chaka chilichonse ankangodya fumbi la Jaime. Chikho chakecho chinali ketulo yopanda chivundikiro, yopakidwa penti wonyezimira.

Chaka chino a Francisco anali ataonera mipikisano ya magalimoto pa televizau, ndipo anadzuka ndi malamulo.

"Tamverani, anyamata inu. Kunja sathamanga chisawawa ngati mbuzi zomasulidwa m'mawa. Panjira pakagwa vuto imatuluka galimoto yachitetezo. Nonse mumafola pambuyo pake. Komwe yalowera, inunso komweko. Palibe woipitirira, palibenso wopitirira mnzake. Chachiwiri, kanjira kakuseri kwa baraka, komwe mumathirira gazolina m'mota zanu, kamatsekedwa galimotoyo ikakhala panjira. Wophwanya lamulo, kunja!"

"Nanga galimoto yakeyo ili kuti?" anafunsa Jaime.

A Francisco analoza pansi pa mtengo wa mango. Panali karinya ya a Januário, yomwe kwa zaka zambiri inakhala ikunyamula maliro a dera lonselo. Ndi yomwenso inanyamula Elias. Cosme anayang'ana kumbali.

"A Januário, ndikakukodolani mutuluke. Muziyenda pang'onopang'ono, anthu azikutsatani."

"Musandiphunzitse ntchito yanga," anatero a Januário.

Korida inayamba dzuwa lili pamutu. Cosme anathira gazolina pang'ono kuti mota ipepuke, podalira kuti adzawonjezera kwa mlamu wake Belinda, mkazi wa malemu Elias, yemwe ankagulitsa gazolina m'mabotolo m'kanjira kaja. Nzeruyo inagwira. Anapitirira Jaime pakhota la pachigayo, anthu n'kukuwa dzina la Elias poona mota yake ili patsogolo. Atazungulira kangapo anamva injini ikutsokomola. Anatembenukira kukanjira kaja, akuona Belinda atakweza botolo m'mwamba.

Nthawi yomweyo ng'ombe ya munthu wina inalowa mumsewu, n'kugona pakati penipeni, n'kuyamba kubzikula.

A Francisco anasangalala ngati abereka mwana. Anakoka chingwe kutseka kanjira, nakodola a Januário. Poti mbendera zachikasu analibe, anathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala mumsewu.

"Alamu, bwerani msanga!" anakuwa Belinda.

"Kwatsekedwa!" anatero a Francisco. "Lamulo!"

Cosme anafola pambuyo pa karinya, Jaime pambuyo pake, ena onse m'mbuyomo. Anailambalala ng'ombe ija mwaulemu. Karinya inkayenda liwiro lake la masiku onse, loti nkhalamba yandodo ingaitsatire osapuma. Cosme ankangoona chitseko chakumbuyo, chomangidwa ndi waya, chikugwedera.

Anafika pamphambano ya pamabulugama. Njira ya korida inkakhotera kumanzere. Kumanja kunali kumanda. A Januário, amene manja awo anali asanakhoterepo kumanzere pamalo amenewo anthu akuwatsatira, anakhotera kumanja.

Cosme anayang'ana njira zonse ziwiri. Akapita kumanzere waphwanya lamulo, chikho chapita. Akapita kumanja akafika kwa Elias wopanda kanthu.

"Khota kumanzere, mnzanga!" anakuwa Jaime. "Madalawa asokera!"

"Yamba iweyo!"

"Ine sindingakupitirire. Lamulo."

"Ndiye khala chete."

Cosme anakhotera kumanja, poganiza kuti a Januário azindikira posachedwa. Mota zonse zinatsatira.

Amayi a pamsika anaona nthambi mumsewu, anaona karinya ya a Januário ikukwawa, mzere uli pambuyo. Sanafunse zambiri. Anavundikira tomato wawo, anamanga zitenje, mmodzi n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Abambo anavula zipewa. Ogaitsa anasiya matumba pachigayo.

"Watisiya ndani?"

"Sitinamve. Tikamvera komweko."

"Koma anali wotchuka. Taonani mota."

A Francisco anabwera panjinga, ketulo ikulendewera pachiwongolero. "Januário! Esquerda! Kumanzere!" Mayi wina anawagwira malaya. "Bambo inu, simuchita manyazi? Phokoso pamaliro, ndiponso mwabwera ndi ketulo yanuyanu?" Anawatsitsa panjinga, nawapatsa mzere woti ayimbe.

Pokwera kachitunda mota ya Elias inatsokomola komaliza n'kuzima. Cosme anatsika, nayamba kukankha. Jaime anayesa kuyenda pang'onopang'ono, mota ikufuna kumugwetsa, mpaka anatukwana, nazimitsa yake, n'kutsika. Ena onse anachita chimodzimodzi. Injini zitakhala chete nyimbo inamveka bwino. Inali yomweyo imene Belinda anamuuza kuti inayimbidwa tsiku lija. Cosme anakankha ataweramitsa mutu, thukuta likulowa m'maso. Choncho ndi mmene zinalili, anaganiza. Fumbi lake ili, kachitunda kake aka. Elias, yemwe sankatha kudikira ngakhale tiyi kuti azizire, anamuyendetsa liwiro limeneli.

Karinya inaima pamithunzi ya kumanda. Adzukulu, okumba manda, anafika akuthamanga ndi makasu, mkulu wawo ali wefuwefu.

"Mwayamba liti kubweretsa maliro osatiuza? Dzenje tikumba nthawi yanji?"

A Januário anatsika, anavula chipewa, namasula waya wa chitseko. M'karinya munali tayala lakutha ndi chingwe. Anayang'ana m'katimo nthawi yaitali, kenako anayang'ana anthu.

"Mwamusiya kuti?" anafunsa a Januário.

Nyimbo inaduka. Anthu anayamba kuyang'anana, aliyense akuwerenga abale ake. A Francisco anatsegula pakamwa kuti afotokoze za televizau, koma Belinda anawadutsa, botolo la gazolina likadali m'manja.

"Maliro anatsogola kale, m'dzinja," anatero kwa mkulu wa adzukulu. "Wolira ndi amene anachedwa. Ndi uyu."

Mkuluyo anamuyang'ana Cosme, anayang'ana mota, natula khasu pansi. "Mng'ono wake wa Elias? Lowa, mwanawe. Ndikulondolera."

"Sindinabweretse kanthu," anatero Cosme. Mawu anatuluka aang'ono.

"Alamu," anatero Belinda, "akulu anu akamwera chiyani m'ketulo yopanda chivundikiro? Pitani."

Cosme anapereka mota kwa Jaime. Mtumbira unali waufupi kuposa mmene ankaganizira, mvula itauphwetsa mbali imodzi, chisoso chitamera kumutu. Anagwada, nayamba kuzula chisosocho poti manja ankafuna chochita.

"Achimwene," anatero, "ndinali patsogolo. Jaime anali kumbuyo kwanga. Funsani aliyense."

Kenako analira, kulira kwa mwana wotayika pamsika. Amayi aja, poti anali atavundikira kale tomato, anayambiranso nyimbo, ndipo ulendo uno ankadziwa mwini wake.

Pobwerera palibe anakumbuka kunena kuti korida yayambiranso. Karinya inatsogola, anthu pambuyo, mpaka inadutsa pamzere wa laimu wothera mpikisano. A Francisco anasinkhasinkha malamulo awo onse, napeza kuti palibe anaipitirira. Ketulo anapatsidwa a Januário, omwe anati ithandiza pothira madzi mu injini.

Jaime anakwiya. "Iwe sukudandaula? Chinali chako chimenechi!"

Cosme anali atagwira fanulo, Belinda akuthira gazolina uja. Zala zake zinali zakuda ndi dothi la pamtumbira.

"Mawa ubwere ndi khasu," anatero Cosme kwa Jaime. "Mbali imodzi yaphwa."